Azakhali agona m'chipatala ku England masabata 5, madokotala akuti atuluke koma kopita kulibe. Titani abale?

mwana_wa_ku_Dedza

Abale ndithandizeni nzeru mutu wanga waima. Azakhali anga, achemwali awo a bambo anga, anabwera kuno ku England nthawi ija manesi ambiri ankachoka kumudzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Agwira ntchito m'zipatala za kuno mpaka kupuma, pano ali ndi zaka 74, amakhala okha m'kanyumba kawo ka zipinda ziwiri komwe anagula ndi thukuta lawo. Mwezi watha anagwa kubafa, sitiroko. Mbali ya kumanja yonse yafooka, kulankhula akulankhula koma movutikira, kuchimbudzi sangapite okha, kuti achoke pabedi pamafunika anthu awiri.

Nde pano ndi sabata yachisanu ali mu wodi. Adokotala anatiuza kalekale kuti mbali yawo anamaliza, palibenso chomwe akuwachita kupatula mankhwala akumwa, koma kunyumba sangabwerere chifukwa bafa ndi chipinda zonse zili pamwamba, masitepe okhaokha. Tikafunsa akuti tikudikira social worker (woona za chisamaliro cha anthu), tikudikira malo. Malo ake ati? Ine ndimayesa boma lili ndi nyumba zake zosungirako anthu okalamba mmene lilili ndi zipatala? Munthu wasamalira odwala a dziko lino zaka zonsezi lero akusowa pogona?

Chomwe chandisowetsa tulo ndi chakuti mayi wina pa wodi pomwepo wandiuza kuti akalowa ku care home, kosungirako okalamba, nyumba yawo idzagulitsidwa. Zoona zimenezi? Kumudzi abambo akuti ingowakwezani ndege abwere tidzawasamale kuno. Ine ndimagwira ntchito, ndili ndi ana awiri ang'onoang'ono, ndimachita lendi. Omwe munadutsamo mu zimenezi chonde ndiuzeni.

nesi_wa_usiku

Pepani kwambiri sisi. Ine ndimagwira wodi ya okalamba ndipo zomwe mukunenazi ndimaziona shifiti iliyonse, musadzione ngati mwalakwitsa penapake ayi.

Poyamba mudziwe kuti kuno chipatala ndi chisamaliro cha okalamba ndi zinthu ziwiri zosiyana, matumba a ndalama awirinso. Zinagawidwa chonchi kuyambira 1948 pomwe NHS, bungwe loyendetsa zipatala za boma, imayamba. Matenda ndi a NHS, ulele. Koma kusambitsidwa, kuvekedwa, kudyetsedwa, kuperekezedwa kuchimbudzi, zimenezo anazipereka ku makhonsolo, ndipo khonsolo imayamba yaona kaye kuti uli ndi chuma chanji. Nde azakhali anuwo ali pa malire penipeni, achipatala akuti si wathunso, akhonsolo sanati ndi wathu. Pakatipo ndi pomwe anthu amakhala masabata, ena miyezi.

Za nyumba za boma zomwe mukufunsazo, zinalipo kale. Makhonsolo anali ndi nyumba zawo zambiri, zipatala nazo zinali ndi mawodi omwe nkhalamba zinkakhalamo zaka. M'zaka za m'ma 1980 boma linayamba kulipirira anthu m'nyumba za eni, bizinesi inakula, kenako lamulo la 1990 linapangitsa makhonsolo kukhala ogula malo osati osunga anthu. Lero nyumba zambiri ndi za makampani, zina za mabungwe achifundo, za khonsolo zatsala zochepa kwambiri. Nde social worker akati akusaka malo ndiye kuti akuimba mafoni kufunsa kampani iti ili ndi chipinda ndipo ivomera mtengo womwe khonsolo ikufuna kulipira. Kampani ili ndi ufulu wokana. Akaona kuti munthuyo amafunika ogwira ntchito awiri ndi hoist, makina onyamulira wodwala, nthawi iliyonse, ena amangoti tadzadza.

Mabedi nawo m'zipatala anachepa. Cha mu 1987 England inali ndi mabedi pafupifupi 300,000, pofika 2019 anatsala pafupifupi 141,000. Zina nzomveka, maopaleshoni ambiri pano munthu amatuluka tsiku lomwelo, zipatala zikuluzikulu za amisala zija zinatsekedwa. Koma anthu akukhala zaka zambiri kuposa kale, ndipo zaka zaposachedwapa tsiku lililonse pamakhala anthu oposa 12,000 omwe ali pabedi la chipatala chonsecho adokotala anawamasula. Nde mukamaona pa TV ma ambulansi atandandalika panja, agogo atagona pa trolley mu kolido usiku wonse, gwero lake ndi lomweli, khomo lotulukira latsekeka nde lolowera nalo limatsekeka. Ine zimandiwawa mbali zonse, amene ali pabediyo sakufuna kukhalapo, amene ali mu kolidoyo akulifuna.

Chomwe ndikupempheni ine ngati nesi, musaone ngati kukhalitsa mu wodi ndi chitetezo. Munthu wamkulu akagona pabedi masabata minofu imatha msanga zedi, zilonda zapamsana zimayamba, amatola matenda a anzake, ena mutu umasokonekera chifukwa chosagona, magetsi ndi phokoso usiku wonse. Ndaona azimayi olowa akuyenda ndi ndodo kutuluka pa wheelchair. Nde limbikirani za fizo, masewera olimbitsa ziwalo zofookazo, tsiku lililonse, funsani kuti a timu ya sitiroko akonza zotani akatuluka. Funsaninso za intermediate care kapena reablement, chimenechi ndi chithandizo chaulele mpaka masabata 6, kaya kunyumba kaya ku malo ongoyembekezera, cholinga munthu ayambe wapezako mphamvu asanagamulidwe kuti moyo wake wonse ukathera ku care home. Pa sitiroko masabata 5 ndi msanga kwambiri kunena kuti sadzayendanso.

Mai_a_awiri_Leeds

Mwana wanga khala pansi ndikuuze za ndalamazo, ine ndagwira m'ma care home zaka zoposa 15 ndipo mabanja olira mu ofesi ya manejala ndawaona ambiri.

Za nyumba zija mayiyo sananame koma sanakuuze zonse. Ku England malire ake ndi £23,250. Ukakhala ndi chuma choposa pamenepo umadzilipirira wekha zonse. Chikatsika kufika pakati pa £23,250 ndi £14,250 khonsolo imathandizako iwe nkumaonjezera. Pansi pa £14,250 chumacho sachiwerenganso koma penshoni yako amatengabe, amangokusiyira kandalama ka sopo pafupifupi £30 pa sabata. Manambala awiri oyambawo sanasinthe chiyambire 2010 pomwe mitengo ya chilichonse yakwera. Ndipo chipinda cha nursing home, care home yokhala ndi manesi, masiku ano kupitirira £1,000 pa sabata si nkhani yodabwitsa, werengera wekha pa chaka.

Tsono nyumba imalowa mu chiwerengerocho pokhapokha munthu akalowa ku care home mokhazikika. Akamasamalidwa kunyumba kwake komweko, ma carer, antchito osamala anthu, kumabwera kanayi patsiku, nyumba sayiwerenga olo pang'ono. Nchifukwa chake ndikuti usathamangire. Funsa kuti kodi bedi silingatsitsidwe pabalaza? A occupational therapist, omwe amaona mmene wodwala angakhalire pakhomo, akhoza kupita kukaona nyumbayo, bedi la chipatala, commode (mpando wa chimbudzi), hoist amapereka. Anthu ambiri akukhala chonchi pansi osakweranso pamwamba. Olo atalowa mokhazikika, masabata 12 oyamba nyumba sayiwerenga, ndiye palinso chomwe amati deferred payment, khonsolo imalipira ngati ngongole nkudzabweza ndalama zake nyumba ikadzagulitsidwa mtsogolo. Palibe amene angabwere mawa kudzakhoma chikwangwani pakhomo. Pakanakhala kuti m'nyumbamo muli mwamuna wawo kapena m'bale wa zaka 60 kupita mtsogolo sakanaiwerenga nkomwe, koma wati amakhala okha.

Chinthu china chomwe sakuuza msanga ndi NHS Continuing Healthcare. Ngati vuto lalikulu la munthu ndi matenda osati ukalamba chabe, NHS imalipira zonse, olo akhale ndi nyumba zitatu. Kuipeza nkovuta sindikunamiza, ambiri amakanidwa, koma uli ndi ufulu wopempha kuti achite checklist, mafunso oyamba oonera ngati angayenere, ndipo iwe ukhalepo tsikulo. Ukanene zonse mmene zilili pa tsiku loipitsitsa. Ife a Malawi vuto lathu ndi ulemu, akafunsa muli bwanji agogo timati ali bwino, azakhali akonso poti ndi nesi adzafuna kuoneka olimba. Pamenepo si pochitira manyazi. Ngati amatsamwa pomeza nena, ngati anagwa kawiri nena, ulembe m'kabuku tsiku ndi tsiku.

Zinthu ziwiri usachite. Usasaine pepala la top-up usanalimvetse, limenelo limatanthauza kuti iweyo ukulonjeza kuonjezera ndalama za m'thumba mwako mwezi ndi mwezi, ndipo mtengo umakwera chaka chilichonse. Khonsolo ikakhala kuti ndi yomwe ikulipira ikuyenera kukuonetsa malo amodzi osachepera omwe safuna top-up. Chachiwiri, wina asakunamize kuti sinthani nyumba ikhale m'dzina lako msangamsanga. Khonsolo imafufuza, ikaona kuti mwachita dala imawerengabe ngati nyumbayo ilipo, mavuto nkukugwera iwe.

Za lasting power of attorney, chikalata chopatsa munthu wina mphamvu yowapangira ziganizo akadzalephera okha, analemba? Ngati mutu ukugwira bwino chitani pano pano. Imbira Age UK, bungwe lothandiza okalamba, malangizo awo ndi aulele. Malo aliwonse omwe akupatse kaone lipoti lake la CQC, bungwe loyendera malo oterewa, koma upitekonso wekha nthawi ya nkhomaliro, ukaone ngati anthu akudyetsedwa modekha, ukamve fungo la mu kolido, ukawerenge ogwira ntchito.

Ndipo ndinene zomwe zimandipweteka. Andale akhala akulonjeza kukonza zimenezi chibwerereni ine. Mu 2011 komiti ya Dilnot yomwe boma linakhazikitsa inati pakhale malire a ndalama zomwe munthu angalipire moyo wake wonse. Boris Johnson ali nduna yaikulu mu 2021 analengeza £86,000, anati ziyamba 2023, boma linasuntha kupita 2025, boma latsopano litalowa mu 2024 nduna ya zachuma Rachel Reeves anazichotsa. Mu 2025 anapatsa Louise Casey komiti ina kuti aunikenso, lipoti lomaliza akuti 2028. Nkhalamba zingati zidikire 2028? Ku Scotland bola, kusambitsidwa ndi kudyetsedwa boma limalipira chiyambire 2002, ngakhale za chipinda ndi chakudya umalipirabe. Ndipo kusiya zonse m'manja mwa makampani tinaona mathero ake, kampani ya Southern Cross inagwa mu 2011 ili ndi nyumba pafupifupi 750, anthu okalamba oposa 30,000 osadziwa kuti mawa agona kuti. Olipira okha amalipitsidwa zambiri kuposa olipiridwa ndi khonsolo m'nyumba imodzimodzi, chipinda chofanana, chakudya chimodzi, kuti atseke dzenje lomwe khonsolo yasiya. Ine ntchito yangayi ndimaikonda koma dongosolo lake silolungama.

Bambo_a_ku_Chilomoni

Ine ndili kuno kumudzi ndipo ndawerenga zonsezi mutu ukuzungulira. Achemwali, bambo anu akunena zoona. Munthu ali ndi abale amoyo bwanji akathere m'manja mwa anthu osawadziwa, kudya zakudya zosazolowera, osamva ndi Chichewa chomwe? Sitiroko nthawi zina imatha kumulanda munthu chizungu nkutsala ndi chilankhulo cha makolo, nde kumeneko adzalankhula ndi ndani? Ndalama ya sabata imodzi yomwe akutchula mayi a ku Leeds kuno mutha kulipira anthu awiri osamala odwala miyezi ingapo, nsima ya mgaiwa, dzuwa, adzukulu, a mpingo kubwera kudzaimba. Nyumba mukhoza kuikamo a lendi ndalama nkumabwera kuno. Ife makolo athu sititaya ku nyumba za okalamba, bwezani azakhali kwawo.

Nachisale_Area25

Achimwene a ku Chilomoni, mtima wanu ndi wabwino koma ndikufunseni, pakhomo panu munthu akadwala chonchi amamutembenuza usiku ndani? Amachapa zofunda ndani? Chifukwa tikamati abale adzasamala nthawi zambiri ndi mzimayi m'modzi, ena onse amabwera Lamlungu ndi Sobo.

Ine ndinasamala mayi anga zaka zitatu atadwala sitiroko yomweyi. Masabata oyamba tinali ku chipatala chachikulu cha boma, ine gadiyani. Amene sanakhalepo gadiyani sangamvetse. Kugona pansi pambali pa bedi pa chitenje, kuphika ku khitchini ya magadiyani pa mbaula, kusambitsa wekha, kutaya zonyansa wekha, manesi awiri wodi yonse nde sungawadzudzule nkomwe akuyesetsa. Mabedi akatha odwala ena amagona pa matiresi pansi. Kuno vuto lomwe akunena a nesi la munthu kukhalitsa pabedi kulibe kwenikweni, chifukwa akangoona kuti akumeza amakutulutsani, kaya kunyumba kuli chiyani ndi zanu. Palibe social worker wokufunsa za masitepe. Nde tikamati kwathu kulibe vutoli si kuti tinalithetsa, timangolinyamula nkupita nalo kunyumba komwe boma silionako.

Fizo tinkapita kamodzi pa sabata, kupanga hayala galimoto, kenako ndalama zinatha tinasiya, mwendo ndi mkono zinauma. Mankhwala a BP mwezi wina alipo mwezi wina kagule ku pharmacy. Matewera a akuluakulu mtengo wake Mulungu ndiye adziwa. Ntchito ndinasiya, msana wanga mpaka lero sunabwerere. Sindikudandaula, anali mayi anga ndipo ndikanachitanso, koma wina asanene kuti nzophweka.

Ndipo tisadzinamize kuti okalamba onse kuno akusamalidwa. Angati akukhala okha kumudzi ana onse ali ku town kapena ku Joni? Angati akulera adzukulu amasiye iwo eni akusowa owasamala? Angati amenyedwa, ena kuphedwa kumene, powanamizira ufiti chifukwa choti mutu wayamba kusokonekera ndi ukalamba? A MANEPO, mgwirizano wa mabungwe oona za okalamba, akhala akulira za zimenezi zaka ndi zaka. Mtukula Pakhomo unayambira ku Mchinji mu 2006, umathandiza ndithu koma umafikira mabanja ochepa osaukitsitsa. Aphungu anavomereza lamulo la anthu achikulire mu 2024, chabwino, koma lamulo papepala silisambitsa munthu. Ine nditamva kuti boma lamanga malo olongosoka oti agogo opanda wowasamala akakhaleko, kapena loti gadiyani apumuleko sabata imodzi, sindinganene kuti ndi chikhalidwe cha azungu, ndingavine.

Sisi wa ku Dedza, musanagule tikiti funsani bambo anu funso limodzi lokha, atchule dzina la munthu amene adzagona m'chipinda chimodzi ndi azakhali. Ndiye munthuyo mumuimbire panokha mumve maganizo ake.

nesi_wa_usiku

Ndionjezere pa zomwe anena a Nachisale. Zobwerera kumudzi zili ndi mbali ya mapepala yomwe anthu amaiwala. Penshoni ya boma la UK ukasamukira ku Malawi imabwerabe koma imaima pomwepo, sikweranso chaka ndi chaka ngati mmene imachitira kuno. Chithandizo chaulele cha NHS chimayendera kuti ukukhala kuno, ukasamuka basi sungamangobwera kudzaonana ndi dokotala mwaulele. Ndipo ngati ali ndi indefinite leave, chilolezo chokhala kuno mopanda malire, osati pasipoti ya kuno, akakhala kunja zaka ziwiri imatha. Nde ulendowu utha kukhala wopita wokha. Ndege nayo munthu wa sitiroko yaposachedwa sakwera chisawawa, adokotala avomereze kaye.

Koma a ku Chilomoni pa nkhani ya chilankhulo ndi chakudya anena zenizeni. Chomwe chasinthako ndi chakuti kuyambira 2022 pomwe anatsegula viza ya ma carer, m'nyumba zambiri muli anthu akwathu kuno ku Africa, a ku Zimbabwe, Nigeria, Ghana, a Malawi nafe tilimo. Mu July 2025 boma linatseka kulemba ma carer atsopano ochokera kunja, nde kusowa kwa antchito sindikuona kuti kutha msanga, ndipo bedi lopanda womusamala munthu ndi chimodzimodzi kulibe. Mukamayendera malo funsani ngati pali olankhula Chichewa kapena Chinyanja, komanso ngati amalola kubweretsa chakudya cha kunyumba. Kungoti a speech therapist, akatswiri a zolankhula ndi kumeza, akuuzeni kaye za kamezedwe, nsima yolimba kwa munthu wovutika kumeza ndi yoopsa, mwina poyamba phala.

Bambo_a_ku_Chilomoni

Achemwali a ku Area 25 mwandigwira pakamwa. Agogo anga anawasamala ndi mayi anga aang'ono, ine ndinkangotumiza ndalama ya sopo, zoona zake nzimenezo. Komabe mtima wanga sukuvomera kuti munthu wakhoma msonkho zaka zonsezo boma limuuze kuti gulitsa nyumba. Akanadwala khansa bwenzi zonse zili zaulele, poti ndi sitiroko yomusiya wolumala alipire yekha? Pamenepo pokha ndiye sindikumvetsa. Chinanso, tonse tikukambirana za iwo, mwiniwakeyo mwamufunsa?

mwana_wa_ku_Dedza

Zikomo nonse, ndawerenga kangapo konse ndipo zina ndalemba m'kabuku monga munanenera amayi a ku Leeds. Bambo a ku Chilomoni funso lanu lomalizalo landichititsa manyazi chifukwa masabata onsewa timangokambirana pa WhatsApp ya banja, iwo osawafunsa. Dzulo ndinapita madzulo ana nditawasiya kwa aneba, ndinakhala pambali pa bedi nkuwafunsa pang'onopang'ono. Zinatenga nthawi chifukwa mawu amatuluka limodzilimodzi. Akuti kumudzi akufuna kupita koma ndi miyendo yawo, osati kunyamulidwa. Ku care home akana ndi mutu mpaka misozi. Akufuna kunyumba kwawo, olo pabalaza.

Nde lero m'mawa ndaimbira social worker ndamuuza zimenezo, ndapempha checklist ija ya Continuing Healthcare komanso kuti ndidzakhalepo, ndafunsa za masabata 6 aja. Mawu ake anasintha atangomva kuti ndikudziwa mayina a zinthuzi. Akuti a occupational therapist apita kukayeza chitseko ndi pabalaza Lachinayi, koma wandichenjeza kuti kupeza ma carer awiri obwera kanayi patsiku kudera kwathu kuli mndandanda, nde mwina ayambe apita ku bedi loyembekezera kwa masabata angapo. Abambo ndawafunsa funso lija a Nachisale, anakhala chete kenako anatchula mlamu wanga yemwe ali ndi mwana wa miyezi 8, ndiye tagwirizana kuti za ndege ziyambe zaima.

Loweruka ine ndi amuna anga tikukachotsa mipando pabalaza kuti bedi lidzalowe. Amene mukudziwa, makapeti tichotseretu kapena hoist imayenda bwinobwino pa kapeti? Ndipo usiku pakati pa ulendo womaliza wa ma carer ndi wam'mawa anthu mumatani, pamenepo ndi pomwe ndikuopa.